Mwana akufuna zolosera nyengo pakompyuta, mayi akufuna unamwino

Mayi wina wa ku Mangochi wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Chiyambire pamene nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu kuno mu 2024, akungonena zoti adzaphunzire zolosera nyengo ndi madzi pakompyuta. Ine ndimafuna unamwino poti ntchito yake ndi yodziwika. Kodi zimenezi adzadya nazo?"

Mayi, musanamuletse kapena kumuvomera, yambani mwaona kaye malikisi ake a masamu ndi Physics. Nkhani yagona pamenepo. Ana ambiri amabwera kwa ine ndi mtima wokonda chilengedwe, n'kumayesa kuti ntchitoyi ndi yoyendera mitsinje ndi kudzala mitengo. Ayi ndithu. Ndi ntchito yokhala pampando tsiku lonse, maso ali pa manambala.

Chimene mwana wanu akunena si ulosi wa mvula ya mawa umene timamva pawailesi. Akatswiri ali ndi mapulogalamu otchedwa climate model, amene amagawa dziko lonse m'timabokosi n'kumawerengera mmene mpweya, kutentha ndi chinyezi zidzayendere zaka 30 kapena 50 zikubwerazi. Vuto ndi loti bokosi limodzi limatha kukula makilomita 100, ndiye phiri la Mulanje ndi chigwa cha Phalombe zimalowa m'thumba limodzi ngati kuti mvula yake ndi yofanana. Pamafunika munthu wodziwa dera kuti asinthe zotsatirazo zigwirizane ndi malo enieni, aziyerekeze ndi mvula imene inayezedwadi, kenako azilowetse m'mapulogalamu a madzi monga SWAT, WEAP kapena HEC-RAS. Apo m'pamene zimadziwika kuti mtsinje wakutiwakuti udzadzaza mpaka pati.

Taganizani za nyanja yanu yomweyo. Mtsinje wotulukamo ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri sachoka kudzera mu Shire koma amauluka ndi dzuwa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka. Nthawi imeneyo kunalibe malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani kapena Kapichira. Zitati zichitike lero, magetsi angathe, mipopi ya ku Blantyre yodalira Walker's Ferry ingaume, nzimbe za ku Nchalo nazo zingafote. Tsono ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965, imene imabweza kapena kutulutsa madzi. Mukatsegula kwambiri, a ku Chikwawa ndi Nsanje ali pamoto. Mukatseka, inu a m'mbali mwa nyanja mulira. Wina ayenera kuwerengera zonsezi.

Ndipo ma model sagwirizana pa zonse. Pa nkhani yoti kuno kudzatentha kwambiri amavomerezana, koma pa kuchuluka kwa mvula ena amati idzachepa, ena idzachuluka. Katswiri wabwino ndi amene angakhale pansi ndi injiniya wa mlatho kapena a khonsolo n'kuwauza kuti, "Pamene zinthu zili chonchi, mlatho ukwere kufika apa, ndipo nyumba zisamangidwe kutsika mzere uwu." Luso lomweli ndi limene likufunika m'mizinda ya kunyanja yamchere monga Beira, umene namondwe Idai anauwononga mu Marichi 2019, choncho msika wake suthera pa Mwanza.

Sukulu zilipo. MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya Meteorology and Climate Science. Mzuzu University imaphunzitsa za kasamalidwe ka madzi, MUBAS ili ndi uinjiniya wa zomangamanga wokhudza madzi, ndipo LUANAR ili ndi uinjiniya wa ulimi wothirira. Masamu kapena Physics ya ku UNIMA nayonso ndi khomo labwino. Zofunika polowera aziwerenge yekha pachikalata cha NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, cha chaka chimene akufunsira malo.

Za ntchito ndisakunamizeni. Mipata si yochuluka ngati ya anamwino. Olemba ntchito ndi nthambi ya boma yoona zanyengo, National Water Resources Authority, DoDMA (nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), EGENCO, mabodi a madzi, makampani a mainjiniya ndi mabungwe, ndipo zambiri za m'mabungwe zimatha pulojekiti ikatha. Amene amafika pogwiradi ma model kawirikawiri amakhala ndi digiri yachiwiri, ena kuchokera ku University of Cape Town, IHE Delft ku Netherlands, kapena pulogalamu ya WaterNet ku Harare ndi Dar es Salaam. N'chifukwa chake ine ndikanakhala inu ndikanamukokera ku uinjiniya wa madzi kapena masamu poyamba. Digiri yotere imamupatsa pogwira ngakhale zanyengo zitachedwa, ndipo akadzafuna kulowera ku ma model palibe angamubweze.

Akangomaliza MSCE, muyeseni motere. Apeze kompyuta, ngakhale yobwereka, ayambe kuphunzira Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi QGIS (pulogalamu ya mapu), zonse ndi zaulere. Aikenso chitini chowongoka pabwalo, kutali ndi mitengo ndi denga, aziyeza mvula ndi rula m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi n'kumalemba m'kope, ngakhale tsiku limene sinagwe. Dzinja likamatha mudzamufunse kopelo. Ngati masamba ali odzaza mpaka Epulo, fomu ya NCHE musiyeni adzaze yekha.