Msuweni, za sewero lija, umvere mpaka kumapeto

Eee, msuweni, ndamva funso lako. Dikira nditseke chitseko, ana akusokosa... eya. Ukufunsa ngati sewero la nyimbo lingafe chifukwa choti atolankhani alinyoza. Akuti anzako akukangana, ena akuti wapha sewero ndi mtolankhani amene analemba kuti gawo lachiwiri ndi lotopetsa, ena akuti ayi, maposta anatuluka mochedwa, wina mpaka watchula sewero la nyimbo la Spider-Man la ku New York. Iwe! Unayamba liti kusowa tulo ndi nkhani za zisudzo? Si iwe tinakutenga kukaonera Kwathu n'kugona pa phewa langa Izeki asanalowe n'komwe? Lero ukudziwa mpaka gawo lachiwiri. Hmm. Gitala ndi yoopsa ndithu. Chabwino, ndiyankha.

Wa Spider-Man uja sananame, koma nkhaniyo waigwira kumchira. Sewero limenelo linayamba kuonetsedwa mu Novembala 2010, koma kunali kuyeserera chabe pamaso pa anthu olipira. Tsiku lotsegulira kwenikweni ankangolisuntha, kulisuntha, mpaka Juni 2011. Zionetsero zoyesererazo zinakwana 182, ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, zinali zisanachitikepo. Kulikonza kunadya madola 75 miliyoni. Ndipo sanali anthu wamba ayi, nyimbo anapeka Bono ndi The Edge a bandi ya U2, wotsogolera anali Julie Taymor, mayi amene anaika Lion King pa siteji mu 1997. Anthu ankauluka pa zingwe pamwamba pa mitu ya oonerera, angapo anavulala, wina anagwa mu Disembala 2010 mpaka kugonekedwa m'chipatala. Atolankhani anatopa kudikira, mu Febuluwale 2011 anangolemba ngakhale linali lisanatsegulidwe, ndipo analemba zowawa zedi. Mu Malichi mayi uja anachoka. Ndiye ukuganiza anthu anasiya kupita? Ayi! Holo ya mipando pafupifupi 1,900, sabata yomaliza ya 2011 anatolera madola 2.9 miliyoni, sabata imodzi, kuposa sewero lina lililonse la ku Broadway m'mbuyomo. Koma pomwe ankatseka mu Januwale 2014, eni ndalama anali asanabweze mpamba wawo. Pomwe sewero lina la nyimbo la Wicked, atolankhani ambiri sanalikonde mu 2003, mpaka pano likuonetsedwabe. Chifukwa chake n'choti... ayi, dikira, ndibwerako. Ndakumbuka a malume.

A malume a ku Ndirande, bambo ako aang'ono. Iwe unawadziwa ali kale a dikoni, ofatsa, oyenda ndi ambulera. Sunawaone nthawi yawo. Chinali chaka cha 1993, kapena 94... ayi, 93, chifukwa m'nyumba anthu ankakangana za nyali ndi tambala, riferendamu ija. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku fakitale ku Makata, ndipo kukakhala sewero ku French Cultural Centre sankaphonya. Kumene lero timati Blantyre Cultural Centre, chichokereni eni ake mu 2011. Du Chisiza anali atayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, anyamata onse a m'tauni muno ankafuna kukhala Du, kuyenda ngati Du, kukweza mawu ngati Du. A malume anati iwo achita choposa, sewero lawo likhala ndi bandi yathunthu, kwaya, ndi ovina. Nkhani yake inali ya mnyamata wobwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni n'kupeza mkazi wake atakwatiwa ndi mnzake. Nyimbo anapeka okha. Ndipo msuweni, zinali zabwino. Ndikunena zoona, mpaka pano mayi anga akamachapa amaimba ya pa siteshoni ija osadziwa kuti akuimba.

Pulakatisi ankachitira pabwalo pa agogo, miyezi ndithu. Anthu makumi awiri ndi kuposa, onse ofuna nsima. Agogo ankangophika, osanena kanthu, koma thumba la ufa likutha ngati muli maliro. Kenako za makina osokera zija... ayi, zimenezo ndisiye, mayi ako ali m'gulu muno ndipo akumvetsera. Moni anti. Tonse tikudziwa kumene makinawo anapita.

Pa zotsatsa, palibe amene angawanene. Maposta anasindikiza, ife ana tinayenda nawo ndi chitini cha phala, kumata m'mitengo kuyambira pa Ginnery Corner, mu Chipembere Highway monse... nthawi imeneyo tinkati Kamuzu Highway... mpaka ku Limbe. Analipira chilengezo pa wayilesi, ndipo wayilesi inali imodzi yokha, MBC, ndiye amene sanamve ndiye kuti analibe mabatire. Iwo eni Loweruka m'mawa anakwera kumbuyo kwa lole ndi chimkuzamawu, kuzungulira msika wa Ndirande atavala chisoti cha mu mgodi. Agogo aamuna atawaona anangotembenuka n'kulowa mu shopu ya munthu.

Tsiku lija holo inadzaza. Kudzaza kwake koti ena anakhala m'mawindo. Pakhomo anaika ine ndi achimwene ako aakulu, ana asukulu awiri, ndi chitini cha mabisiketi. Ndiye tangoganiza. Akubwera bambo wa tayi, akuti ine ndine mlamu wake wa mwini sewero. Akubwera amayi asanu ndi ana kumbuyo, akuti mwana wathu ali m'kwayamo. Akulu a mpingo, mzere wonse wakutsogolo. Anzawo a ku fakitale akuti tilipira pa malipiro. Oimba ng'oma aliyense ndi chibwenzi chake ndi mnzake wa chibwenzicho. Mwana wa zaka khumi angauze mkulu wa mpingo kuti bwererani? Tinkangopatuka. Anthu anaseka, analira, anaimirira kuomba m'manja, a malume anawanyamula m'mwamba. Patapita masiku nyuzipepa inalemba zowayamikira, ndi chithunzi chomwe. Kapepalako anakadula, kali m'Baibulo mwawo mpaka lero, ukapita uwapemphe akuonetse, amasangalala.

Usiku womwewo tinakhala pa mphasa kwa agogo, nyali pakati, kuwerenga za m'chitini. Analipira holo, analipira mwini zokuzira mawu, analipira lole. Pofika pa a bandi, chitini mbee. Wa gitala ya besi anakana kuchoka, anagona pakhonde mpaka m'mawa. Ndiye mverera apa, chifukwa apa m'pamene anthu amagwera. A malume anati vuto ndi Blantyre, achibale achuluka, tipite ku Zomba kumene satidziwa. Anakongola kwa wakatapila kuti alipire lole ndi chakudya cha anthu onse aja. Ku Zomba olowa analipiradi, koma holo inali theka, ndipo bandi inali yomweyo, lole yomweyo, ulendo uno mtunda wautali. Anabwerako ngongole itakula. Anayesanso kachitatu. Chionetsero chilichonse, m'malo mochepetsa ngongole, chinkaonjezera. Anabweza kwa zaka, ndipo n'chifukwa chake nyumba ya ku Lunzu ija inaima pa mawindo nthawi yonse ija. Iwe unkaganiza kuti ndi mapulani a nyumbayo eti?

Eya. Ndiye ndibwerere kwa Spider-Man. Chimene chinawapha si atolankhani. Kungoti litseguke sabata imodzi pankafunika madola oposa 1 miliyoni, zingwe zija, akatswiri aja, inshuwalansi, oimba. Ndiye kuti abweze 75 miliyoni anafunika holo izidzaza kwa zaka zambirimbiri osapumira. Anthu atangoyamba kuchepa pang'ono, sabata iliyonse inakhala yoluza. N'chimodzimodzi minibasi ya ku Limbe, ingadzaze mpaka kondakitala kulendewera pakhomo, koma ngati mafuta a ulendowo akuposa zimene okwera apereka, kuchulukitsa maulendo n'kuchulukitsa ngongole. Sewero la nyimbo limavutira pamenepo. A Kwathu akhala zaka zonsezi akuzungulira dziko lino chifukwa sewero lawo limatheka ndi anthu ochepa, tebulo ndi mipando. La nyimbo limafuna bandi usiku uliwonse, ndipo wa ng'oma sadya kuomba m'manja.

Tsopano msuweni, tisazungulire. Iwe sukufunsa za atolankhani. Mnyamata wa gitala uja, amene unabwera naye ku chinkhoswe n'kumatiuza kuti ndi mnzako wa kukwaya, ali m'sewero limeneli. Chionetsero choyamba sichinayende bwino, akufuna kubwereza, ndipo akuuza kuti chikusowa ndi ndalama zotsatsira basi, maposta abwino, ka vidiyo ka pa Facebook, ka chilengezo pa wayilesi, zikatero holo idzaza ndipo akubwezera Lolemba. Ndipo iwe ndi amene ukusunga ndalama za chiliza cha agogo. Ndikunama? Ukanakhala pano ukanayang'ana pansi n'kumakanda khutu ngati bambo ako.

Ndalama za chiliza usazikhudze. Ngakhale K1,000. Si zako, si zanga, anti a ku Bangwe anagulitsa mbuzi kuti asonkhe, ndipo mmisiri tinapangana naye kale mwezi. Mitengo ya simenti ukuidziwa mmene ikuthamangira chigwereni kwacha mu Novembala 2023, tikachedwa ndalama yomweyo siikwananso.

Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wakuba, ayi, usandimve molakwa. A malume sanali akuba. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chionetsero chotsatira chibweza zonse, ndipo munthu wotero ndi amene amakukopa mosavuta chifukwa sakunama. Komanso ine ndikufuna sewero limeneli likhale ndi moyo. Ana a m'tauni muno kupeka nyimbo zawo, kuima pa siteji m'Chichewa chathu, pomwe aliyense maso ali pa foni, ine zimandikhudza kwambiri. Du anamwalira mu 1999, Izeki ndi Jakobo onse anapita, tikufuna ena. Koma kuwathandiza kwake n'kuwakhazika pansi ndi kope. Uwafunse holo ili ndi mipando ingati. Tiyerekeze 300, tikiti K10,000, ndiye kuti ikadzaza tho, aliyense atalipira, ndi K3 miliyoni. Sidzadzaza, ndiye dula pakati. Chotsaponso alamu ndi akulu a mpingo. Zotsalazo uziyerekeze ndi mtengo wa holo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake poti magetsi sitiwadalira, mayendedwe, chakudya, ndi a bandi. Ngati holo ya theka siikulipira usiku umodzi, maposta sapulumutsa kanthu, angokuthandizani kuluza pamaso pa anthu ambiri. Ndipo akakuuza kuti masamu amenewo sanawachitepo, wayankhidwa kale.

Zoti mtolankhani ananena kuti gawo lachiwiri ndi lotopetsa, mwina ananena zoona, alidule. Anzako asiye kulimbana naye, wawapatsa malangizo aulere. Bandi ichepe, kiyibodi, gitala ndi ng'oma zikwana, ndipo usaope, wa gitala ndamusiyamo. Matikiti agulitsiretu pa Airtel Money ndi Mpamba, aone kuti agula ndi angati asanalipire holo. Apite m'masekondale mkati mwa sabata, ana a mpikisano wa masewero wa ATEM aja ndi amene amakonda zisudzo, ndipo sukulu holo ili nayo kale. Pakhomo aike munthu wamkulu wa nkhope youma amene alibe mlamu. Anti a ku Bangwe angathe ntchito imeneyo, mudzaona ngati ndi m'busa yemwe angadutse.

Ukafuna kuikapo zako, za malipiro ako, ika zimene zikapita sudzalira, ndipo uziike ngati mphatso, osayembekezera Lolemba. Ine ndigula matikiti anayi, mtengo wonse, ndipo sindidzanena kuti ndine msuweni wa aliyense. Koma za chiliza ayi. Wamva eti? Za agogo zikhale pomwe zilipo, ndipo kuti mtima wako upepuke, mawa utumize m'gulu muno chithunzi cha balansi, aliyense aone, ndiye ngakhale mnyamatayo akapemphanso udzangoti sizili m'manja mwanga ndekha.

Loweruka masana ndili pakhomo. Ubwere naye, abwere ndi kope lawo la ndalama, ngati alibe ndimupatsa la ana. Tikatha tipite limodzi ku Ndirande akacheze ndi a malume, awaimbire ya pa siteshoni ija. Gitala asaiwale. Bandulo yanga ikutha, ndiyankhe ukamvera.