Kodi Mdierekezi Amaopa Mawu Athu Kapena Amaopa Ambuye?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, amene amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Mayiwa akuti kwa miyezi itatu tsopano malonda awo alowa pansi, mwana wawo wamng'ono amatentha thupi usiku, ndipo iwo eni sagona chifukwa cha maloto oopsa. Asala kudya, akwera phiri la Soche kukachezera kupemphera, agula botolo la mafuta odzozera, ndipo adzudzula ziwanda mpaka mawu kusasa. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndilibe mphamvu zokwanira, n'chifukwa chake mdaniyu sakundiopa?"

Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri, ndipo ndikuyankhani mosabisa mawu. Inde, mulibe mphamvu zokwanira, monganso ine ndilibe, ndipo palibe mbusa kapena mneneri amene ali nazo mwa iye yekha. Mtumwi Paulo, polembera Aefeso ali womangidwa ndi unyolo, sanawauze kuti adzikakamize kukhala amphamvu, koma anati alimbike mwa Ambuye ndi m'kulimba kwa mphamvu yake (Aefeso 6:10). Zida zonse zimene akutchula pamenepo, lamba wa choonadi, chikopa cha chikhulupiriro, chisoti cha chipulumutso ndi lupanga la Mzimu, akuzitcha zida za Mulungu, ndipo ntchito imene akutipatsa mobwerezabwereza ndi yochirimika.

Anthu a ku Efeso ankaidziwa bwino nkhani ya zamatsenga. Pa Machitidwe 19 timawerenga za ana asanu ndi awiri a Skeva, amene anaona Mulungu akuchita zozizwitsa kudzera mwa Paulo, iwonso n'kuyamba kutchula dzina la Yesu pa anthu ogwidwa ndi mizimu yoipa. Mzimuwo unawayankha kuti Yesu ukumudziwa, Paulonso ukumudziwa, koma iwo ndi ayani? Anathawa m'nyumbamo ali maliseche ndi mabala. Dzina analitchula molondola ndithu, koma analigwira ngati chithumwa, osamudziwa mwini dzinalo. Pambuyo pake ambiri amene anakhulupirira anatentha mabuku awo a matsenga, amtengo wokwana ndalama zasiliva 50,000. Apa ndi pamene botolo lanu likundidetsa nkhawa. Kudzoza wodwala mafuta kuli m'Malemba, pa Yakobo 5:14, koma kumeneko ndi akulu a mpingo amene amapemphera m'dzina la Ambuye, ndipo chimene chipulumutsa wodwalayo ndi pemphero la chikhulupiriro. Ngati mtima wanu umagunda ndi mantha tsiku limene mwaiwala botololo kunyumba, dziwani kuti latenga malo amene si ake.

Ndikamadutsa pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndimakumbukira mngelo amene dzina lake chinatenga. Kalata ya Yuda, ndime 9, imati Mikayeli, mkulu wa angelo, potsutsana ndi Mdierekezi za mtembo wa Mose, sanayerekeze kumunenera zachipongwe, koma anangoti, "Ambuye akudzudzule." Ngati mngelo wamphamvu chotere anatsamira pa Ambuye, inu musadziimbe mlandu kuti mawu anu sakumveka patali. Mfumu Yehosafati nayonso, itazingidwa ndi adani, inavomera pamaso pa anthu ake kuti ilibe mphamvu ndipo sikudziwa chochita, koma maso ake ali pa Mulungu, ndipo inayankhidwa kuti nkhondoyo si yawo koma ya Mulungu (2 Mbiri 20).

Chinthu china ndikupempheni ndi mtima wonse: wina akakuuzani kuti apongozi anu kapena mnzanu wa pamsika ndi amene akukulodzani, musamvere. Paulo anati sitilimbana ndi thupi ndi mwazi, ndipo agogo ambiri osalakwa avutika m'dziko muno chifukwa cha milandu yotereyi.

Madzulo ano musakwerenso phiri muli wotopa chonchi. Idyani, werengani Salimo 91 pamodzi ndi ana anu, ululani kwa Mulungu mantha anu monga momwe alili, ndipo muuze amayi anzanu a kumpingo kuti azipemphera nanu. Mawa m'mamawa mupite naye mwanayo kuchipatala cha Ndirande akamuyeze malungo, pakuti kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. Akamuona achipatala mudzandilemberenso, ndipo ine ndi akunyumba tikhala tikukutchulani m'pemphero lathu la m'mawa.