Kwa amayi ofuna facelift ukwati wa mwana wawo usanafike

Amayi, ndawerenga funso lanu. Mwati mwapangana ndi dokotala wa ku Johannesburg kuti akuchiteni facelift, opaleshoni ija yokoka khungu la kumaso ndi m'khosi, kumapeto kwa Seputembala. Mukufuna kukwera ndege yobwerera ku Lusaka pakangotha masiku anayi, ndipo ukwati wa mwana wanu uli mu Okutobala, patangopita masabata atatu. Mukufunsa ngati mudzakhala mutachira. Langizo langa ndi lakuti sinthani tsiku, ukwati uyambe wadutsa. Ndagwirapo ntchito ya unamwino m'wodi ya odwala a opaleshoni, ndipo ndinasamaliranso mkulu wanga atachitidwa opaleshoni yomweyi, ndiye ndikulankhula zimene ndinaona. Anzanga amene mwayamba kale kuwalalikira amayiwa kuti akalambe mwaulemu, nkhope ndi yawo, ndalama ndi zawo, tiyeni tiwayankhe zimene afunsa.

Dokotala amacheka kuyambira m'tsitsi la pamwamba pa khutu, kutsika kutsogolo kwa khutu, kuzungulira kunsi kwake mpaka kuseri. Amanyamula khungu, n'kukoka mnofu wa pansi pake umene iwo amautcha SMAS, kenako amadula khungu lotsala n'kusoka. Ndi bala lalikulu ngakhale kunja kumangooneka kamzere. Kutupa kumafika pachimake cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, tsiku lomwelo limene inu mukufuna kukhala pa eyapoti. Mikwingwirima imatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo pa khungu lathu imaoneka ngati zigamba zakuda zimene zimatsikira m'khosi. Ambiri amabwerera kuntchito pakati pa masabata awiri ndi anayi, koma kukhala pa desiki n'kosiyana ndi kukhala mayi wa mkwatibwi. Tsiku limenelo mudzaimirira kuyambira m'mawa, mudzavina, anthu adzakukumbatirani akugunda masaya, duku lidzamangidwa zolimba pamwamba penipeni pa mabala, ndipo BP idzakwera ndi nkhani za ophika ndi a magalimoto. Zithunzi za tsikulo zidzakhala pakhoma zaka zambiri, pamene nkhope imene mwalipira imadzakhazikika bwino pakatha miyezi 6 kapena kupitirira.

Za ndege, ulendo wa Johannesburg kufika ku Lusaka ndi wa maola awiri okha, mlengalengamo si modetsa nkhawa kwambiri. Chodetsa nkhawa n'chakuti mukatera, adzakuonani ndani? Vuto limene limachitika kawirikawiri pa opaleshoniyi ndi magazi kuunjikana pansi pa khungu, ndipo nthawi zambiri zimayamba m'maola 24 oyambirira, ngakhale zimatha kubweranso pambuyo pake. Facelift yoyenda bwino sipweteka kwambiri, munthu amangomva kukokeka ndi kuuma. Ndiye tsaya limodzi likayamba kufufuma mwamsanga kuposa linzake, lolimba, ululu n'kumakula mbali imodzi, musadikire kuti kuche. Magaziwo amafunika kutulutsidwa msanga, apo ayi khungu la pamwamba pake limasowa magazi abwino n'kufa. Timapaipi timene amaika pabala kuti titulutse madzi amatichotsa tsiku loyamba kapena lachiwiri, ulusi wa kutsogolo kwa khutu cha pa sabata imodzi, wa m'tsitsi umatha kukhala mpaka masiku 10. Khalani pafupi ndi amene wakuchekani mpaka ulusi wonse utachoka ndipo iye mwini wanena kuti pitani, ndiye muwerengere malo ogona a masiku 10 mpaka 14. Amene mukuganiza za ku Istanbul kapena ku India, onjezerani pamenepo, chifukwa ulendo wautali wokhala pansi umawonjezera ngozi ya magazi kuundana m'miyendo. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Musananyamuke kuno, pezani dokotala wa ku Lusaka amene wavomera kudzakuonani mukabwera. Madokotala a plastic surgery, opaleshoni yokonza maonekedwe a thupi, kuno ndi ochepa, ndipo si onse amene amakondwa kulandira bala limene sanacheke okha. Mubwere ndi kalata yofotokoza zimene zinachitidwa ndi mankhwala amene munapatsidwa. Dzina la dokotala wa ku Johannesburg mulifufuze m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, kuti muone ngati analembetsedwa monga katswiri wa plastic surgery, wa kuno mumufufuze ku HPCZ, bungwe lotero la ku Zambia. Zithunzi za pa Instagram si satifiketi.

Pali zinthu zina zimene akazi timabisira madokotala, ndipo ndi zimene zimawononga mabala a kumaso. Choyamba ndi fodya. Nikotini imafinya timitsempha ting'onoting'ono timene khungu lonyamulidwalo likudalira, ndipo kuseri kwa khutu ndi kumene kumayamba kuda. Ambiri akafunsidwa ngati amasuta amati ayi, chifukwa ndudu sakhudza. Koma nsunko ndi fodya, kaya mumanunkhiza kaya mumaika m'kamwa kapena kwina kulikonse. Shisha ndi fodyanso, vape nayonso ili ndi nikotini. Madokotala ambiri amafuna kuti musiye masabata anayi opaleshoni isanachitike ndi ena anayi itachitika. Ngati bambo a kunyumba amasuta, azikasutira panja.

Chachiwiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri amene amagulitsidwa m'misika ali ndi ma steroid monga clobetasol ndi betamethasone, ena ali ndi hydroquinone, ena mercury. Steroid wodzola kwa zaka amapyapyalitsa khungu, limang'ambika msanga posoka, bala limachedwa kupola ndipo limagwidwa matenda mosavuta. Ngati mumadzola, tengani botolo lenilenilo mukamuonetse dokotala, kuphatikizapo zosakaniza zija zopanda dzina za m'kachitini. Musasiye mwadzidzidzi nokha ngati mwadzola nthawi yaitali, chifukwa khungu limatha kubuka ziphuphu ndi kufiira. Iye akuuzeni mmene mungasiyire ndiponso nthawi yoyenera kudikira. Pa ichi chokha mwina mufunika miyezi, osati masabata.

BP ndiyo imayenda limodzi ndi kuunjikana kwa magazi kuja. Ngati muli nayo, ikhale yotsika bwino kwa nthawi opaleshoni isanafike, ndipo mugule kamakina koyezera kunyumba. Shuga nayenso akhale m'malo mwake. Mankhwala onse amene mumamwa muwatchule, a BP, a shuga, ma ARV, ngakhale azitsamba. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amachititsa kuti magazi achedwe kuuma, ndipo makapisozi a adyo, a ginkgo, a mafuta a nsomba ndi vitamini E madokotala ambiri amaletsanso. Panadol ndiye amaloledwa kawirikawiri. Koma ngati aspirin munapatsidwa ndi dokotala chifukwa cha mtima, musamusiye panokha, madokotala awiriwo agwirizane.

Tsopano za zipsera, zimene timapepala ta kuchipatala timangodutsapo mofulumira chifukwa tinalembedwa poganizira khungu loyera. Ife akhungu lakuda timatuluka ma keloid kawirikawiri kuposa azungu, zipsera zija zotukumuka zimene zimakula kupitirira bala, ndipo khutu ndi malo amodzi amene zimakonda. Dziyang'aneni. Pamene munaboola ndolo pali kachotupa? Chipsera cha katemera paphewa, kapena cha opaleshoni yobereka, chinafufuma? Achibale anu ali nazo? Ngati yankho ndi inde, muuzeni dokotala poyera, ndipo mumupemphe zithunzi za anthu akhungu lakuda amene anawachita opaleshoni, zojambulidwa patatha chaka, tsitsi litakokeredwa kumbuyo kuti makutu aoneke. Akayamba kuzemba pamenepo, funani wina. Munthu amene ali ndi keloid yaikulu kale, ine ndingamuuze kuti aganizenso kawiri za opaleshoni yonseyi, chifukwa kusinthanitsa masaya ogwa ndi zotupa kutsogolo kwa makutu si malonda abwino. Bala likatsekeka, silicone gel kapena timapepala ta silicone timathandiza mukamagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, ndipo chipsera chikayamba kutukumuka ndi kuyabwa pali jakisoni amene amabaya pomwepo, amene amagwira bwino mukafulumira. Chipsera chimatenga pafupifupi chaka kuti chikhwime, musachiweruze pa mwezi wachiwiri.

Tsitsi nalo likufuna kukonzekera. Relaxer ndi dayi muchite pasadakhale, chifukwa pambuyo pa opaleshoni mudzadikira masabata anayi mpaka 6. Lukani mizere yomasuka yolowera kumbuyo mutafunsa dokotala kumene adzacheke. Zoluka zokoka zija zimene timagona nazo ndi Panadol, ndiponso guluu wa wigi m'mphepete mwa chipumi, muziiwale kwa miyezi ingapo, chifukwa kukoka kumatambasula chipsera ndipo tsitsi la m'mbali limathothoka. Masaya ndi makutu amachita dzanzi kwa masabata kapena miyezi, poti timinyewa ta pakhungu timadulidwa, ndipo mnyewa umene umapereka kumva ku khungu la kunsi kwa khutu ndi umene umavulala kawirikawiri. Munthu wadzanzi amapsa osadziwa. Dryer ya ku saluni, chipeso chamoto ndi botolo la madzi otentha zikhale kutali. N'chimodzimodzinso ayezi: musamuike mwachindunji pakhungu, nsalu yoviika m'madzi ozizira ndi yokwanira, ndipo imeneyo sidalira kuti magetsi alipo kapena azima.

Kunyumba mufunika munthu wogona nanu, makamaka sabata yoyamba. Asakhale mwana amene akukwatiwayo, mutu wake uli kwina. Muzigona chagada, mutu uli pamwamba pa mapilo awiri kapena atatu, kwa masabata awiri. Zovala zikhale za mabatani kutsogolo. Kuwerama n'koletsedwa, ndipo mukaganiza bwino ntchito zathu zonse ndi zowerama: kusesa ndi tsache lalifupi, kukolopa, kuchapa m'beseni, kukupiza mbaula. Kuvundula nsima ya banja lonse ndi ntchito yamphamvu, pamwamba pake nthunzi ikukumenyani kumaso. Kusenza chidebe kapena kubereka mdzukulu, dikirani mwezi kapena masabata 6. Kuyenda pang'onopang'ono m'nyumba ndi pabwalo kokha ndiko kofunika kuyambira tsiku loyamba, kuti magazi aziyenda m'miyendo.

Pakamwa sipatseguka bwino masiku oyamba. Phala la nsinjiro, mazira, nyemba zofewa, nsomba yochotsa minga, mapapaya, nsima yofewa pang'ono. Chimanga chootcha, nzimbe ndi michopo zidikire. Chepetsani mchere chifukwa umawonjezera kutupa ndi BP, kapenta wouma muzimuviika kaye m'madzi. Mankhwala amphamvu oletsa ululu amamanga m'mimba, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumakweza magazi kumutu, choncho madzi ndi ndiwo zamasamba zisasowe. Mowa ndi vinyo, masabata awiri oyamba ayi.

Thupi likatentha kufika 38, ife timathamangira kunena kuti ndi malungo. Kayezetseni malungo ndithu, koma pomwepo wina aone mabala, makamaka ngati pafiira, patentha, pakutuluka mafinya kapena fungo. Musapake chilichonse chimene dokotala sananene, kaya aloe vera wa kuseri kwa nyumba, kaya spirit, kaya mankhwala otsukira mano amene ena amalimbikitsa. Mbali imodzi ya mlomo ikamakana kuyenda pomwetulira kapena diso likamakana kutsinzina, muuzeni dokotala tsiku lomwelo. Kawirikawiri zimabwerera pakapita masabata kapena miyezi, koma ayenera kudziwa.

Nyengo imene mwasankhayo ndiyonso yovuta kwambiri kuno. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, dzuwa la Okutobala limaotcha, fumbi lili ponseponse, ndipo kutentha kumawonjezera kutupa ndi thukuta pansi pa bandeji. Dzuwa likamenya chipsera chatsopano chimada kuposa khungu lozungulira, ndipo kudako kumachedwa kuchoka. Akhungu lakuda nafenso timafunika mafuta oteteza ku dzuwa, sunscreen wa SPF 30 kapena kuposa, chipewa chachikulu ndi ambulera. Ndikanakhala ine ndikanasankha Juni kapena Julayi. Kumazizira, thukuta kulibe, ndipo munthu wofunda sikafu mpaka m'makutu palibe amene amamufunsa mafunso ku tchalitchi.

Chinanso chimene mkulu wanga sanauzidwe ndi za maganizo. Sabata yoyamba munthu amadziyang'ana pagalasi n'kuona nkhope yachilendo, yotupa mosafanana, ndipo ambiri amalira n'kumadzifunsa chimene anadzivutitsira. Zimachepa kutupa kukamaphwa. Uzani munthu mmodzi kapena awiri amene sadzakunenani kuti tinakuuzani, ndipo alendo obwera kudzazonda muwachepetse. Walira mvula walira matope, koma matopewo asakumane ndi ukwati wa mwana.

Za ndalama, inshuwalansi zambiri sizilipira opaleshoni yodzikongoletsa ngakhale mavuto obwera chifukwa cha iyo, ndiye sungani ina pambali yoti ingafunike mutabwereranso ku theatre kapena mutakhalitsa ku Johannesburg. Funsani dokotala molemba kuti zikatero amalipira ndani. Pa nkhani ya deposit imene mwati mwapereka kale, alembereni lero, muwauze tsiku la ukwati ndi kupempha kuti aisunge mpaka chaka chamawa. Mukapempha nthawi ikadalipo zimakhala zosavuta kusiyana ndi kudikira sabata yomaliza.

Pa ukwatiwo, pezani wodziwa kupaka makeup pa nkhope ya munthu wamkulu ndipo muyeserere naye kusanafike tsikulo. Wina wakulangizani kuti mungobayitsa ma filler kapena Botox, majakisoni aja odzaza masaya ndi kusalaza makwinya, m'malo mwa opaleshoni. Ngati simunayambe mwabayitsapo, musayambire sabata ya ukwati, chifukwa nazonso zimatupitsa ndi kusiya mikwingwirima, ndipo Botox amatenga pafupifupi masabata awiri kuti akhazikike. Ngati mukuzifunadi, zichitike mwezi wathunthu ukwati usanafike, kwa dokotala wolembetsedwa, osati m'chipinda cha kuseri kwa saluni.