Kuthandiza odwala mano ndi kuyendetsa chipatala chanu ku Salima

Adokotala, mwafunsa ngati n'zotheka kuti munthu mmodzi azithandiza odwala mano kwinaku akuyendetsa chipatala chakechake kuno ku Salima popanda mbali ina kuwonongeka. N'zotheka, pokhapokha mutavomereza kuyambira pachiyambi kuti zimenezi ndi ntchito ziwiri, ndipo iliyonse imafuna nthawi yake.

Chimene ine ndimaopa kwambiri ndi chakuti nkhawa za ndalama zimalowa nanu m'chipinda chothandiziramo odwala. Mwezi ukamatha lendi isanapezeke, malipiro a antchito asanakwane, n'kosavuta kuuza munthu kuti alandire chithandizo chodula pamene chotsika mtengo chikanamukwanira, kapena kuzula msangamsanga dzino loti likanamatidwa n'cholinga choti pampando pakhale wina. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti ndalama musamalandire ndinu. Lembani munthu wokhulupirika woti azilandira odwala, kulemba malisiti ndi kulondola ngongole, mitengo ilembedwe poonekera, ndipo inuyo muzidzipatsa malipiro okhazikika pamwezi m'malo motapa m'kabati madzulo alionse. Achibale ndi anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti akabwera kudzapempha ngongole, zimapepukanso ngati woyankha si inu amene mwagwira jakisoni.

Patulani masana amodzi pa sabata oti musaone wodwala aliyense kupatula amene wabwera atatupa kapena atavulala. Imeneyo ndi nthawi yoona mabuku, kuitanitsa katundu, kulongosola ziphaso ku Medical Council of Malawi, msonkho ku MRA, komanso penshoni ya antchito, pakuti lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti.

Katundu wambiri, monga mankhwala ochititsa dzanzi, magolovesi ndi zomatira mano, amachokera kunja, ndipo tonse tinaona mmene mitengo inakwerera kwacha itachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Muziunikanso mitengo yanu pafupipafupi, ndipo jenereta muiwerengere pa ndalama zoyambira, chifukwa magetsi akazima makina ophera tizilombo pa zipangizo amaima, ndipo pamenepo palibe chilolezo chogwira m'kamwa mwa munthu.

Kumbukiraninso kuti ndalama kuno zimayenda ndi nyengo. Anthu akagulitsa mpunga, thonje ndi chimanga amabwera ambiri, koma mu Januwale ndi Febuluwale ambiri amapirira mpaka tsaya litatupa, choncho muzisunga ndalama za lendi ndi malipiro a miyezi imeneyi nthawi yokolola isanathe.