Funsani Azakhali: Tikufuna kukakwatirana ku Mauritius, pakufunika mapepala anji?

Azakhali, ine ndine nesi kuno ku Leeds, chibwenzi changa chimagwira ntchito ku Johannesburg, tonse ndife a Malawi. Tagwirizana zokamangitsa ukwati m'mbali mwa nyanja ku Mauritius, ikakanika ku Maldives, coz ukwati wa kumudzi ndalama zake sitingakwanitse. A hotelo akuti tingolipira dipoziti zina zonse atipangira okha. Koma bamboyu anapangapo chinkhoswe ndi mayi wina ku Ntcheu, anasiyana kalekale, kukhoti sanapiteko, akuti poti sunali ukwati wa ku tchalitchi nde palibe vuto. Ndi zoona? Nanga mapepala ake ndi ati?
Nesi wodandaula, Leeds

Mwana wanga, dipoziti imeneyo uyambe waigwira kaye m'manja, chifukwa nkhani ya mayi a ku Ntcheu ndi imene ili yaikulu kuposa mapepala onse a ku Mauritius. Lamulo lathu la maukwati la 2015, lija la Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa pachikhalidwe mofanana ndi wa ku tchalitchi kapena wa kwa DC, olo wongokhalira limodzi nthawi yaitali limaudziwanso. Nde ngati ankhoswe a mbali zonse anakumana nkugwirizana kuti awa ndi banja, bambo akowo pamaso pa lamulo akhoza kukhala kuti adakali pabanja mpaka lero ngakhale papita zaka asakuyankhulana. Kungolongedza katundu nkupita ku Joni sikusudzula ayi.

Chomwe ndikuumirira pamenepa nchakuti ku Mauritius alendo amakalumbira afidaviti kuti palibe chowaletsa kukwatirana. Iyeyo akakalumbira kuti sanakwatirepo pomwe mkazi alipo, walumbira bodza, ndipo wovutika mawa ndiwe, tsiku lomwe udzafune kumutengera ku UK pa viza ya mwamuna wako kapena nkhani ya chuma cha masiye ikadzabuka mayi aja nkutulukira ndi ankhoswe awo. Apite kumudzi, akhale pansi ndi ankhoswe, nkhani ikathere kukhoti la majisitireti atenge chikalata chosonyeza kuti banja linatha. Ngati pali ana zachisamaliro chawo zikakambidwe komweko, ndipo iweyo usazione ngati zokuchedwetsa, ana amenewo ndi akonso.

Za ku Maldives ingoiwalako. Kumeneko alendo ongopita kukacheza samangitsa ukwati wovomerezeka, zomwe umaziona pa Instagram zija ndi mwambo chabe wa maluwa ndi zithunzi, pepala lomwe amakupatsa silingagwire ntchito ku ofesi ina iliyonse. Ambiri amasaina kaye kwawo kenako nkupita kukajambulitsa.

Ku Mauritius ukwati wake ndi weniweni ndipo amayendetsa ndi a Civil Status Office ku Port Louis. Popeza nonse sinu nzika komanso simukhala konko, mumatumiza mapepala pasadakhale, uwerengere mwezi wathunthu lisanafike tsiku, kuti akupatseni chikalata chotsimikiza zimenezo. Amafuna makope a mapasipoti, ma satifiketi a kubadwa otulutsidwa posachedwa osapitirira miyezi 3, chikalata cha kukhoti kwa amene banja linatha, satifiketi ya imfa kwa amene anaferedwa, zonse zikhale mu Chingerezi kapena Chifalansa. Pa satifiketi ya kubadwa ndi pomwe a Malawi ambiri timagwa, ambirife tinakula opanda, nde yambani lero kulondola ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa nzika kwathu, musadikire kuti matikiti agulidwe kaye. Mzimayi amene banja lake latha kapena waferedwa pasanathe masiku 300 amamufunsanso kalata ya dokotala yoti alibe pakati, iwe sizikukukhudza ngati sunakwatiwepo.

Mukafika kumeneko musaganize zotsika ndege lero mawa ukwati, pamafunika masiku angapo ogwira ntchito oti mukaonekere nokha ku Port Louis ndi mapepala enieni osati mafotokope, kulumbira kuja, kenako amakhoma chidziwitso cha ukwati wanu. Loweruka ndi Lamulungu maofesi ndi otseka, uwerengere bwino. Pa tsikulo pakufunika mboni 2, ndipo ine ndikanakonda olo m'modzi akhale wachibale osati ongokupezerani a hotelo, makolo kumudzi zimawapweteka kumvera pa WhatsApp kuti mwana wawo wakwatiwa.

A hotelo uwafunse polemba imelo ngati wobwera kudzamangitsa ndi ofisala wa boma wa Civil Status kapena ndi wongotsogolera mwambo, yankho ulisunge. Ndipo musanyamuke osasiya dongosolo loti satifiketi yanu idindidwe apostille, chidindo chotsimikiza kuti pepalalo ndi lenileni, ku ofesi ya Prime Minister wa ku Mauritius, chidindo chimenechi chimachokera ku mgwirizano wa ku Hague wa 1961 womwe Malawi, Mauritius, South Africa ndi UK onse ali momwemo, nde pepala lanu likalandiridwa konse komwe mumakhala popanda kuzungulira ma embase. Upemphe makope angapo odinda nthawi imodzi, kudzaitanitsa ina uli ku Leeds ndi ntchito ina yodula.

Azakhali