Collateral, security, guarantor: kodi zonsezi ndi chikole?

Mayi wina amene ali ndi saluni ku Chilenje, mu Lusaka, anditumizira imelo. Akuti anapita kukafunsa ngongole ya K15,000 yogulira makina oumitsira tsitsi, pa fomu n'kupezapo mawu akuti collateral. Mtsikana wa pa desiki ankangoti security, pomwe mnzawo wa pa msika akuti chofunika ndi guarantor. Funso lawo n'lakuti: kodi zitatuzi ndi chinthu chimodzi, nanga m'chiyankhulo chathu tingati chiyani?

Amayi, mawu athu alipo kalekale: chikole. Collateral ndi katundu amene mumaloza n'kunena kuti, ndikalephera kubweza, mudzatenge uyu. Ikhoza kukhala nyumba, galimoto, firiji, ng'ombe za kumudzi, ngakhale ndalama zimene munasungitsa ku banki komweko.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, kumene latus ndi mbali. Ndiye collateral ndi chinthu choima pambali pa chinzake. Pa ngongole, chachikulu ndi lonjezo lanu lakuti mudzabweza, chikole chimangoima pambali kudikira ngati lonjezolo lingagwe. N'chifukwa chake pa nkhani za nkhondo mumamvanso collateral damage, kutanthauza anthu wamba ndi nyumba zimene zawonongeka pamene asilikali ankalimbana ndi zina. Pamenepo palibe za ngongole, ndipo ine mawu amenewo sindiwakonda, chifukwa amabisa maliro a anthu.

Polemba kalata ya ku banki, lembani kuti "I will use my car as collateral". Kaya katunduyo ndi mmodzi kaya ndi wambiri, mawuwa sasintha. Zoti collaterals ndimazimva ndithu m'maofesi a mu Cairo Road, koma pa kalata musawonjezere s.

Security ndi dzina lalikulu la chilichonse chimene chimakhazika mtima pansi wobwereketsa, ndipo m'mafomu ambiri akati security amatanthauza chikole chomwecho. Ngongole yokhala ndi chikole amaitcha secured loan, yopanda chikole unsecured loan. Zija za pa foni, za pa Airtel Money ndi MTN MoMo, zili m'gulu lachiwirili, ndipo n'chifukwa chake chiwongoladzanja chake chimaluma: wobwereketsa alibe chogwira.

Guarantor ndiye wosiyana kwambiri, chifukwa ndi munthu. Ndi m'bale kapena mnzanu amene wasaina kuti inu mukalephera adzalipira iyeyo. Surety ndi chimodzimodzi, ndipo ambiri mawuwa tinawaphunzirira ku polisi pokasainira wachibale kuti atuluke pa bondi. Musanapemphe achimwene kuti akusainireni, auzeni poyera kuti ngongoleyo ikhoza kuwagwera.

Tsopano pofunika kutchera khutu ndi apa. Chizungu chili ndi mayina angapo a chikole, ndipo chimene chimawasiyanitsa ndi chakuti katunduyo agona kwa ndani. Pledge, kapena pawn, ndi pinyolo weniweni: wailesi yakanema imachoka m'nyumba mwanu kukakhala kwa wobwereketsa mpaka mutaiwombola. Mawu akuti pinyolo nawonso ndi obwereka, tinawatenga kwa Apwitikizi amene amati penhor. Mortgage ndi ya nyumba kapena malo: inu mumakhalabe m'nyumbamo, koma title deed, chikalata cha umwini wa malo, imakhala ku banki ndipo ngongoleyo imalembetsedwa ku unduna wa za malo. Lien ndi zimene amachita makaniko akakana kutulutsa galimoto m'garaji mpaka mutamulipira. Deposit isakusokonezeni, imeneyo ndi ndalama yoyambira basi.

Kale mabanki ankafuna title deed, ndipo ife a m'makomboni, amene ambiri tili ndi occupancy licence ya ku khonsolo, tinkabwerera pakhomo. Mu 2016 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo lotchedwa Movable Property (Security Interest) Act, lolola kuti katundu wonyamulika, monga makina, ziweto ndi katundu wa mu shopu, akhale chikole cholembetsedwa. Kaundula wake ali ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Ubwino wake ndi wakuti katunduyo amakhalabe kwa inu, mukumugwiritsa ntchito kuti apange ndalama zobwezera. Kaundula yemweyo amathandizanso pogula galimoto kwa munthu, chifukwa mukhoza kufufuza ngati inaikidwa kale chikole kwina.

Koma ndikudziwa kuti banki ikachedwetsa, ambiri timathamangira kwa a kaloba, obwereketsa ndalama mwa katapila. Kumeneko mawu akuti collateral amatuluka pakamwa, koma pepala limanena zina. Msuweni wanga wa ku Matero anabwereka ndalama kwa bambo wina, n'kusiya white book, chikalata cha umwini wa galimoto, ngati chikole. Anamusainitsa kapepala kamene sanawerenge bwino, pamwamba pake palembedwa letter of sale. Atachedwa ndi masabata awiri, galimoto inapita, ndipo pokadandaula anamuonetsa siginecha yake yomwe: pa pepala anali atagulitsa galimoto pa mtengo wa ngongole ija. Chikole chenicheni sichitero. Katundu amakhalabe wanu, ndipo akamugulitsa chifukwa mwalephera kubweza, amachotsapo ngongole, chiwongoladzanja ndi zolipira zogulitsira, yotsala n'kukubwezerani. Mukaona mawu akuti sale, seller kapena purchaser pa pepala la ngongole, bwezani cholembera.

Ndiye mukabwerera ku ofesi ija, amayi, afunseni ngati makina amene mukufuna kugulawo angakhale okha chikole, chifukwa obwereketsa ena amalola. Afunseninso ngati akufuna chikole ndi guarantor zonse ziwiri kapena chimodzi chikukwana, ndiponso kuti mukaphonya mwezi umodzi amadikira masiku angati asanabwere kudzanyamula katundu. Mayankhowo akulembereni pa pepala, ndipo kope limodzi la mgwirizano mupite nalo kunyumba.