Impso yatsopano, koma BP siikutsika

Mayi wina wanditumizira imelo. Amuna ake anawaika impso ku India miyezi 8 yapitayo, yoperekedwa ndi mng'ono wawo. Dialysis (kusefa magazi ndi makina) anasiya, koma BP ikumafika 150/95. Akufunsa kuti: "Kodi thupi layamba kuikana impsoyo? Ife timayesa BP itheratu."

Mayi, mtima m'malo. Anthu oposa theka mwa amene aikidwa impso amakhala ndi BP yokwera, ndipo payokha siitanthauza kuti thupi likuikana. Nthawi zambiri gwero lake ndi mankhwala omwewo amene akuteteza impsoyo. Tacrolimus ndi cyclosporine amafinya timitsempha ta magazi n'kusungitsa mchere m'thupi, prednisolone amasungitsa madzi ndiponso amanenepetsa. Impso zakale zija nazo kawirikawiri sazichotsa, ndiye zimapitiriza kukweza BP. Mwa ena, mtsempha wolowetsa magazi mu impso yatsopano umapanikizika. Izi amaziona ndi sikani ya Doppler.

Komabe 150/95 si yoti muziyang'ana chabe. Mu 1998, wofufuza Gerhard Opelz ndi anzake a ku Heidelberg ku Germany, atatsatira odwala masauzande ambiri, anasonyeza kuti amene BP yawo inali yokwera patatha chaka chimodzi chiwaikireni impso, impsozo zinkafa msanga. Ndipo ambiri amene amamwalira impso ikugwirabe ntchito amaphedwa ndi matenda a mtima ndi sitiroko. Zimandipweteka kuganiza kuti munthu apereke chiwalo chake, kenako chiwonongeke ndi chinthu chotheka kuchiletsa. Malangizo a 2021 a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso padziko lonse, amati BP ikhale pansi pa 130/80.

Chonde bambowo asachepetse tacrolimus paokha, apo ndiye impso ingakanidwedi. Gulani makina oyezera BP, aziyeza m'mawa ndi madzulo atakhala phee mphindi 5, muzilemba m'kabuku, mukamuonetse dokotala wa impso. Iye ndi amene angawonjezere mankhwala a BP monga amlodipine kapena losartan. Akangoyamba kumwa losartan, pamafunika kuyeza m'magazi creatinine (yosonyeza mmene impso ikugwirira ntchito) ndi mchere wa potassium. Mutu ukawawa asamwe brufen kapena diclofenac, ngakhalenso mankhwala azitsamba.

Kukhitchini, mchere wonse wa tsiku usapitirire magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi. Muwerengerenso soda wa m'thelere, timakyubu ta supu ndi nsomba zouma zothira mchere, chifukwa ambiri timangochotsa mchere wapatebulo n'kuiwala zimenezi.

Mukaona mkodzo wachepa, miyendo yatupa, kapena nambala yam'mwamba ya BP yadumpha 180, musadikire tsiku la kiliniki.